Achemwali Anga Ankafufuta Makomenti

Achemwali anga anthu amawatchula kuti Mataipi. Dzinali linawamamatira ali ndi zaka makumi awiri, atangoyamba ntchito m'kashopu kotaipa makalata kuseri kwa khoti. Ankataipa osayang'ana zala, maso ali pa munthu amene akulankhula, ndipo munthu akapotoza mawu iwo ankangowongola mwakachetechete osamuchititsa manyazi. Makalata opempha ntchito, makalata osudzulana, madandaulo a malire a mapuloti, zonsezo zinkadutsa m'zala zawo, koma palibe tsiku limene anabwera nazo kunyumba. Ine mng'ono wawo ndili ndi saluni, ndipo pakamwa panga mpamsika. Nkhani ndikaimva m'mawa, pofika masana yamera miyendo. Iwo ayi. Amayi athu ankati mwana ameneyu anameza loko ndi kiyi yemwe.

Anakwatiwa ndi wopenta nyumba, munthu wamtali, wanthabwala, amene aliyense ankangomuti Penti. Alamu angawo ankafika pakhomo madontho a utoto ali m'tsitsi ndi m'nsidze, n'kumati, "Mlamu, ukuona? Ine imvi zanga zimabwera zobiriwira." Anabereka mwana mmodzi yekha, wamkazi. Ali wamng'ono ankakonda kumanga zidole zake tinsanza m'miyendo n'kumazibaya ndi chotokosera m'mano, ndiye tinam'patsa dzina loti Nesi.

Nesi ali ndi zaka khumi ndi zitatu, alamu anagwa. Ankapenta khoma la nyumba yosanjikiza, thabwa limene anapondapo linathyoka, n'kugwera chagada pa mulu wa njerwa. Anagona m'chipatala miyezi itatu. Msana unalumikizika, anayambanso kuyenda, ngakhale mokoka mwendo. Potuluka anawapatsa timapiritsi toyera topha ululu, n'kuwauza kuti amwe kwa milungu ingapo basi.

Milungu ija inatha, mapiritsi sanathe. Poyamba ankazungulira m'mashopu a mankhwala ndi kapepala kakale ka dokotala, kamene kanafika pong'ambika m'mapindiro. Atayamba kuwabweza, anapeza anthu ena kuseri kwa depoti amene safunsa kapepala. Munthu uja anayamba kusintha tikuona. Ankagona nkhani ili pakati, supuni ili m'manja. Ankadzikanda mikono mpaka kutuluka magazi. Mapiritsi akasowa tsiku limodzi, thukuta linkachita kuyenderera, mphuno kuchucha, miyendo kugwedezeka ngati akupalasa njinga. Maburashi anapita, makwerero anapita, kenako simbi, kenako nsapato zawo za ukwati.

Achemwali sanalire pagulu ndipo sanauze munthu. Anagula kachitsulo kotsekera chitseko, n'kukakhomera okha kunja kwa chitseko cha kuchipinda. Mlendo akagogoda, ankayamba alowetsa alamu kuchipinda, n'kukoka kachitsuloko, kenako n'kukatsegula ndi kumwetulira.

"Bambo a Nesi agona. BP yakweranso."

Zaka zinayi BP imeneyo ikukwera. Ine ndinkaona, si ine mwana. Tsiku lina tikuchapa kuseri ndinayesa kuyambitsa.

"Achemwali, alamuwa si BP iyi."

Anafinya nsalu mpaka madzi kutheratu, n'kundiyang'ana.

"Iwe, za m'nyumba mwanga zisakafike pansi pa dilaya ya kusaluni kwako. Wamva?"

Ndinamva. Sindinayambirenso.

Nthawi imeneyo kashopu kotaipa kaja kanali kakufa. Aliyense ankalemba yekha kalata yake pafoni. Ndiye mayi wina wachitsikana amene ankabwera kudzasindikiza mapepala anawaitana kuti akagwire ntchito kukampani yake. Kampaniyo inkapanga zotsatsa malonda za pa intaneti. Inali chipinda chimodzi pamwamba pa shopu ya matayala, moti fungo la labala linkakwera masitepe limodzi ndi iwe. Munali matebulo asanu ndi limodzi, nyali yozungulira yojambulira, ndi chinsalu chobiriwira chokhomedwa kukhoma. Mwini wakeyo onse ankamuti Madamu. Achemwali ndiwo anali aakulu pa onse, ndipo kwa mwezi wathunthu anzawowo ankazimitsa nyimbo iwo akalowa, ngati kwalowa ahedi.

Atagwira miyezi iwiri, kunabwera ntchito yaikulu. Bungwe lina limene linali ndi kiliniki yothandiza anthu ogwidwa ndi mowa, chamba ndi mapiritsi linkafuna kampeni yoti anthu asiye kusala odwala oterewa. Anajambula mavidiyo afupiafupi. Munali dalaivala amene anasiya mowa, mphunzitsi amene anachira ku mapiritsi, mayi amene mwana wake anabwerera kusukulu. Vidiyo iliyonse inkathera ndi mawu akuti, "Chibaba ndi matenda. Odwala sitimuseka."

Madamu anawaitana Achemwali.

"Amayi, inu ntchito yanu ikhala pa tsamba lathu. Pansi pa vidiyo iliyonse anthu azilemba makomenti. Onyoza muziwabisa, otukwana muzifufutiratu. Komanso ena azitilembera mauthenga achinsinsi, amenewo muziwayankha. Ndasankha inu chifukwa mumataipa ngati mvula, komanso mawu anu ndi a kholo."

Anavomera. Kunyumba anangoti akutaipa za malonda. Sanatchule kuti ndi malonda anji.

Kuyambira eyiti koloko m'mawa mpaka faifi madzulo ankawerenga zimene anthu amalemba akabisala kuseri kwa foni. "Zidakwa izi mungozisiya zife, dziko lipepuke." "Anadzifunira yekha, asatisokose." "Ameneyu ndimamudziwa, anachira liti? Bisani mafoni." "Wanga atatero ndingamumangirire pamtengo." Ena ankangoika tinkhope toseka mzere wonse. Iwo ankadina, komenti n'kusowa, ina n'kutulukira. Pambuyo pake anandiuza kuti chimene chinkawalasa si ukali wa mawuwo ayi. Chinali chakuti panalibe mawu achilendo. Onsewo anali atawanenapo kale mumtima, ena mokweza, ataima pakhomo la kuchipinda.

Tsiku lina anapeza komenti ya mayi amene ankaimba naye kwaya, dzina ndi chithunzi zili poyera. Analemba kuti, "Mwamuna akafika apa, funsani mkazi wake. Nyumba imagwa ndi mkazi." Anaibisa. Lamlungu lake anaima naye mzere umodzi, n'kumaimba m'buku limodzi.

Mauthenga achinsinsi anali ndi mayankho ake okonzeratu. Madamu anawalemba papepala n'kumata m'mbali mwa kompyuta. Loyamba linali la wofunsa komwe kuli kiliniki. Lachiwiri linali la wodandaula za m'bale wake. Lachitatu linali la amene akuti atopa ndi moyo, ndipo limenelo unkayenera kuitana Madamu nthawi yomweyo. Achemwali anadabwa kuti mauthengawo ankachuluka bwanji, ndiye anafunsa kuti anthu onsewa akutipeza bwanji.

"Si iwo akutipeza, ndife tikuwapeza," anatero Madamu. "Munthu akafufuza pafoni yake za mapiritsi, za kusiya mowa, za kununkha chamba kwa mwana, vidiyo yathu imamulondola. Akatsegula foni, waipeza."

Sabata yachisanu ya kampeni, Lachiwiri, cha m'ma leveni koloko, unalowa uthenga wochokera kwa munthu wa dzina lopeka. Pachithunzi panali duwa lachikasu. Unali wotere:

"Bambo anga anali openta, anagwa, panopa amamwa mapiritsi tsiku lililonse. Amawabisa m'chitini cha penti chakale pansi pa sinki. Kukabwera alendo amayi amawatsekera kuchipinda amati ndi BP. M'mawa uliwonse ndisanapite kusukulu ndimaima pakhomo kuwerenga kupuma kwawo kuti ndidziwe ngati ali moyo. Ndili ndi zaka 17. Nditani?"

Achemwali anawerenga kawiri. Anayang'ana papepala lomata lija, n'kutaipa yankho lachiwiri liwu ndi liwu: "Zikomo potilembera. Simuli nokha. Chibaba ndi matenda ndipo chithandizo chilipo. Imbani nambala ili m'munsiyi." Anatumiza. Kenako anapempha kuti atuluke pang'ono.

Anafika kusaluni kwanga dzuwa lili paliwombo, wapansi, thukuta lili kamukamu. Ndinali ndikuluka munthu. Sanapereke moni kwa aliyense, chinthu chimene sanachitepo chibadwire. Anangolowa kukachipinda kosungira matawulo, ine n'kuwatsatira.

"Nesi walemba," anatero.

"Walemba chiyani? Mayeso?"

"Walembera tsamba lathu. Sakudziwa kuti ndimawerenga ndine."

Apo m'pamene ndinadziwa ntchito yawo yeniyeni. Anandifotokozera zonse ataima, atagwira shelefu.

"Ndiye mwamuyankha chiyani?"

"Nambala tuu."

"Nambala tuu n'chiyani?"

"Yankho la papepala. Mwana wanga wanditambasulira mtima wake, ine ndamupatsa nambala tuu."

Anakhala pa ndowa yovundikira n'kulira osatulutsa mawu. Ndinawauza kuti apite kunyumba akamukumbatire mwanayo, amuuze kuti ndamva. Anapukusa mutu.

"Akadziwa kuti ndine, atseka pakamwa. Ndi mwana wanga ameneyo, anatengera ine."

Patapita masiku atatu duwa lachikasu linalembanso. "Ndaimba. Akuti abwere okha kapena ndi munthu wamkulu. Okha sangapite. Amayi sangalole. Amayi anga amaopa anthu kuposa maliro."

Ulendo uno Achemwali sanayang'ane papepala. Anamufunsa ngati amadya asanapite kusukulu. Anamufunsa ngati ali ndi wina womuuza zimenezi. Nesi anayankha, iwo n'kuyankhanso, ndipo zinapitirira choncho milungu isanu. Mwanayo ankalemba pa nthawi yopuma kusukulu. Analemba kuti anasiya kubweretsa anzake kunyumba ali folomu wanu. Analemba kuti nthawi ina anataya mapiritsi onse m'chimbudzi, bambo ake n'kumugwadira akulira, ndipo iye yemwe anapita kukawagulira ena kuseri kwa depoti atavala yunifolomu. Analemba kuti amadana ndi phokoso la kachitsulo kaja kuposa phokoso lina lililonse. Analemba kuti amayi ake si oipa, koma akamamwetulira alendo amafuna atawamenya mbama.

Madzulo ankakumana kunyumba, wina akutsuka mbale wina akupukuta.

"Kusukulu kunali bwanji?"

"Bwino."

"Wadya?"

"Ndadya."

Loweruka lina m'mawa, Nesi atapita kukaphunzira ndi anzake, Achemwali anatenga sikuludilaiva n'kuchotsa kachitsulo kaja. Alamu anali atakhala pabedi, akuwayang'ana.

"Bambo a Nesi, Lolemba tipita kukiliniki."

"Ya BP?"

"Musandiseke. Ya mapiritsi."

Alamu anasisita mawondo.

"Zaka zonsezi ndimadikira kuti mwina unditukwana, mwina undithamangitsa, mwina unditengera kwinakwake. Iwe unasankha loko."

"Ndinkakutetezani."

"Unkateteza makatani ako. Koma sindikukuda, mayi a Nesi. Nanenso ndikanakhala iwe ndikanamutsekera munthu ngati ine." Kenako anafunsa, mawu atatsika, "Kodi zimapweteka?"

"Akuti zimapweteka."

Zinapwetekadi. Anawagoneka masiku khumi. Ndinapita kukawaona tsiku lachitatu, ndinapeza munthu wamkulu atadzipinda ngati mwana wakhanda, akusanza ndulu yokhayokha, akupempha aliyense wodutsa kuti amuthandize kamodzi kokha komaliza. Achemwali ankapita m'mawa asanalowe ntchito ndi masana pa nthawi ya chakudya. Alamu atatuluka, anauzidwa kuti azipita kukiliniki katatu pa sabata, kukalandira mankhwala ena ochepetsa chibaba ndi kukakhala pagulu la anzawo.

Miyezi iwiri yotsatira ndiyo inali yabwino pa zaka zonsezo. Alamu ananenepa pang'ono. Anabwereka burashi n'kupenta khitchini yonse, mtundu wa buluu wowala kwambiri moti Nesi ankati ukalowamo umafuna kusambira. Tsiku lina ananditcha "mlamu wa pakamwa pa wailesi" monga kale, ine n'kukalirira kubafa. Nesi analembera tsamba lija kuti, "Amayi awatengera okha. Sindikudziwa chawalowa n'chiyani. Zikomo pondimvera." Achemwali anayankha kuti amayi akowo mwina anachedwa chabe. Kontilakita wina amene ankagwira nawo ntchito kale analonjeza kuti awapatsa ya pansipansi, yopenta zitseko ndi mawindo, yosakwera makwerero.

Koma kiliniki ija inali m'mbali mwa msewu waukulu, moyang'anana ndi siteji ya mabasi, ndipo pageti pake anali atakhomapo chikwangwani chachikulu cha kampeni yomwe ija. Aliyense wolowa pamenepo ankaonekera kwa anthu onse odikira basi. Mayi wa kwaya uja anawaona alamu akutuluka, kabuku ka kukiliniki kali m'manja. Sipanathe masiku awiri nkhani inafika pampando wa saluni yanga. Anaibweretsa kasitomala watsopano amene sankadziwa kuti ndine ndani.

"Mwamva za wopenta uja? Kani BP ija ndi mankhwala ozunguza bongo! Mkazi wake kudzimva konse kuja, kani akuweta chimenecho m'nyumba."

Ndinamumasula tsitsi limene ndinali nditaluka theka, n'kumuonetsa khomo. Koma nkhani siimasulika ngati tsitsi.

Aneba anayamba kuanula zovala alamu akakhala pakhonde. Mayi wa nyumba yoyandikana, amene kwa zaka khumi ankasiya kiyi wake kwa Achemwali akamachoka, anabwera kudzamutenga, ati akufuna kudulitsa wina. Lolemba limene alamu anapita kukayamba ntchito, atavala ovolosi yochapa bwino, kontilakita anawaimitsa pageti antchito onse akumva.

"Penti, usandide. M'nyumba muno muli katundu wa eni ake. Kukasowa kanthu ndidzayankha chiyani? Anthu a mapiritsi inu mumadziwika."

"Ndinasiya, bwana. Miyezi iwiri tsopano. Kabuku aka."

"Kabukuko ndiye kakundiopsa."

Anabwerera wapansi. Sananene zambiri. Anangofunsa Achemwali ngati kukiliniki kuli geti lakumbuyo. Kunalibe. Anayamba kupita kawiri pa sabata, kenako kamodzi, kenako ankavala n'kutuluka koma osakafika. Achemwali anazindikira, ndipo anakonza zopempha tchuthi Lachisanu kuti akawaperekeze okha.

Lachitatu masana Nesi akuweruka kusukulu anawapeza ali gone pansi m'khitchini, milomo itada, akupuma mwa apo ndi apo ngati munthu wokoka mkonono. Dokotala anatiuza pambuyo pake kuti zimachitika kawirikawiri. Munthu akasiya kwa kanthawi thupi limaiwala, ndiye akabwerera n'kumwa mlingo wake wakale, umamuposa mphamvu. Komanso za kuseri kwa depoti palibe amadziwa kuti muli chiyani. Anawapulumutsa, koma ubongo unakhala nthawi yaitali wopanda mpweya wokwanira. Mbali ya kumanja inafa. Mawu anapita.

Tinali pabenchi m'khonde la chipatala, tsiku lachiwiri, cha m'ma teni m'mawa. Nesi anali asanadye chilichonse. Ankangobwereza kuti akanapanda kutsalira kusukulu kukopera manotsi akanawapeza msanga. Achemwali anamugwira dzanja.

"Si mlandu wako, mwanangu. Sukanatha kumawerenga kupuma kwawo moyo wako wonse."

Nesi anasiya kulira. Anatembenuka pang'onopang'ono.

"Mwati chiyani?"

Achemwali anazindikira mochedwa.

"Zowerenga kupuma ndinauza munthu mmodzi yekha," anatero Nesi. "Munali inu?"

"Ndinali ine."

"Kuyambira liti?"

"Kuyambira uthenga woyamba."

"Ndiye zonse zija munkawerenga? Za depoti? Za mbama? Munkabwera kunyumba n'kumandifunsa kuti wadya, mukudziwa zonse?"

"Ndinkaopa kuti ukadziwa usiya kulankhula."

"Ndinkaganiza kuti kunja kuno kuli munthu mmodzi amene si wa m'nyumba mwathu, amene akundimva. Kani kulibe. Kani ndi inu nomwe, mwangosintha chitseko."

Anachotsa dzanja lake. Sanakuwe, sanatukwane. Anandiyang'ana ine n'kunena kuti, "Anti, ndikagona kwanu." Ndi mmene anabwerera kunyumba kwanga, ndipo ali konko mpaka lero.

Mwezi womwewo kampeni inatha. Madamu si munthu woipa, ndisamunamizire. Atamva, anabwera kuchipatala kawiri, n'kuwauza Achemwali kuti asadere nkhawa za ntchito. Koma tsiku lotsekera anawapempha kuti akapezekepo, chifukwa akuluakulu a bungwe ankafuna kuona gulu lonse. Anapita. Pakhoma anaonetsa manambala. Mavidiyo anafika kwa anthu oposa theka la miliyoni. Anthu zana limodzi ndi makumi anayi anapita kukiliniki chifukwa cha kampeniyo. Makomenti onyoza anatsika kwambiri mwezi uliwonse, ndipo mkulu wa bungwe anati ichi n'chizindikiro choti mitima ya anthu ikusintha. Onse anaomba m'manja. Achemwali anandiuza kuti anafuna kuimika dzanja kuti afotokoze kuti manambalawo ankawerengedwa iwo atabisa kale, koma anaona kuti anthu asangalala, n'kungokhala. Za anthu zana ndi makumi anayi aja sankatsutsa. Ambiri mwa iwo anawayankha okha, ndipo ena akuti ali bwino mpaka pano.

Atabalalika anthu, Madamu anawakokera pambali.

"Amayi, bungwe likuganiza za gawo lachiwiri. Likufuna mawu a mabanja. Sindikukukakamizani, koma nkhani yanu ingathandize anthu ambiri."

Achemwali anayang'ana chinsalu chobiriwira chija.

"Nkhaniyi si yanga ndekha, Madamu. Mwini wake wina sangathenso kulankhula kuti avomere. Winayo ndinamubera kale kamodzi."

Gawo lachiwirilo silinabwere n'komwe. Tsamba analipereka kwa a bungwe, ndipo a bungwe analibe munthu woliyang'anira. Lilipobe. Nthawi zina ndimalitsegula, ndimapeza pansi pa mavidiyo akale aja zonyoza zitaunjikana, pakati pake wina atalemba kuti, "Ndakulemberani kuchinsinsi, chonde yankhani."

Achemwali anasiya ntchito kukampani kuja chifukwa alamu sangakhale okha tsiku lonse. Anagula kompyuta yakale, amataipira pakhomo. Ana a kukoleji amawabweretsera zolemba zawo, ena amabweretsa mapulogalamu a maukwati ndi a maliro. Tebulo analiika poti akatukula maso aziona bedi. Amawasambitsa, kuwadyetsa ndi supuni, kuwanyamula kupita nawo kuchimbudzi, munthu wamtali ngati uja. Msana wawo nawo wayamba kudandaula. Alamu amamva zonse, ukanena nthabwala mbali imodzi ya nkhope imaseka. Koma pali masiku ena amene amagwira Achemwali pamkono ndi dzanja lamanzere, n'kuloza pakamwa pawo ndi zala ziwiri zopsinyana, maso akuchonderera. Si njala. Achemwali amadziwa chimene akupempha, amangowapukuta kumaso n'kubwerera pa tebulo. Kukwaya anasiya. Aneba ena amabwera kudzazonda, amakhala mphindi zisanu maso ali m'makona.

Nesi mayeso a chaka chimenecho analephera. Anabwereza, anakhoza pang'ono, panopa akuphunzira zokonza mafiriji. Amapita kwawo Lamlungu lililonse masana. Amawameta ndevu bambo ake, amawadula zikhadabo, amawauza za kusukulu. Ndi amayi ake amalankhulana za sopo, za matewera, za tsiku lobwerera kuchipatala. Ndinayesapo kumuuza kuti amayi ako analakwa chifukwa cha chikondi. Anandiyankha kuti, "Ndikudziwa, anti. Kudziwako sikukundithandiza." Foni yake ilibe tsamba lililonse la macheza. Anafufuta zonse.

Mwezi watha Achemwali anabwera kusaluni, koyamba pa chaka chathunthu. Mtsikana wa kutchalitchi anali atavomera kukhala ndi alamu kwa kanthawi. Anavula duku, ine n'kudzidzimuka. Tsitsi lija linkafika m'mapewa linali litapotana, laimvi mbali yonse ya kutsogolo.

"Ndikulukeni chiyani, achemwali?"

"Usaluke. Meta lonse."

"Lonse? Inu?"

"Ndilibe nthawi yolipesa. Meta."

Ndinawafunditsa nsalu n'kuyatsa makina. Ndisanafike pakati pa mutu, ndinaona khosi likugwa. Anali atagona, pampando pomwepo, pakamwa pali pululu. Ndinamaliza pang'onopang'ono nditawagwira chibwano. Panali makasitomala atatu akudikira, ndinawauza kuti atsitse mawu, amene akufulumira apite kwina. Mmodzi anapitadi. Ndinazimitsa wailesi n'kuwasiya agone.

Anadzidzimuka patatha mwina mphindi makumi anayi, n'kuyang'ana wotchi ya pakhoma, osati galasi.

"Iwe, bwanji osandidzutsa? Bambo a Nesi akagonera mbali imodzi maola awiri amatuluka zilonda, ndipo mtsikana uja sangathe kuwatembenuza yekha."

Anasasa tsitsi pa siketi, n'kumanga duku akutsika masitepe.